Funsani Amakanika: Land Cruiser yanga inazima pachitunda, ikukana kuliranso

FUNSO

Amakanika, ndili ndi Toyota Land Cruiser yakale ya dizilo, injini yake ndi 1HZ. Sabata yatha ndinawoloka kamtsinje, madzi ake analekeza pakati pa matayala. Nditangotuluka ndinayamba kukwera chitunda cha miyala pa giya yotsika. Ndili pakati, galimoto inayamba kufooka, inatsokomola kawiri katatu, n'kuzima. Mafuta anali atatsala osakwana kota ya thanki. Sitata imazungulira bwinobwino koma injini osalira, ndipo ndinalimbana nayo mpaka batire kutheratu. Anachita kundikoka ndi thirakitala, moti galimoto yangokhala pakhomo. Mnzanga akuti injini inamwa madzi, yatha ntchito. Kodi ndiyambe kusaka injini ina?

Wowerenga wodandaula

YANKHO

Bambo, ndalama zanu zisungeni kaye. Mmene mwafotokozera kazimidwe kake, ine ndikuona kuti injini yanu ndi yamoyo, yangosowa mafuta. Ndikakumana ndi galimoto yozima, chimene ndimayamba kufunsa mwini wake ndisanagwire sipanala n'chakuti inazima bwanji, ndipo inu mwayankha kale.

Injini yomwa madzi sifa chonchi. 1HZ imapanikiza mpweya pafupifupi ka 22 mu silinda iliyonse, koma madzi sapanikizika. Akalowa, pisitoni imagunda ngati yagunda mwala, injini imaima nthawi yomweyo, kawirikawiri muli m'madzi momwemo. Mukatembenuza kiyi, sitata imangoti gu! n'kukanika kuzungulira. Yanu inatuluka m'madzi, inakwera theka la chitunda, ndipo sitata inazungulira mpaka batire kutha. Komanso madzi olekeza pakati pa matayala ali kutali ndi pamene galimotoyi imakokera mpweya. Komabe mawu a mnzanuyo tisawataye osaona. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya, muigwire ndi dzanja. Sololaninso chitsulo choyezera oyilo. Fyuluta ikakhala yonyowa, kapena oyilo akaoneka otuwa ngati asakanizidwa ndi mkaka, musakhudzenso kiyi. Makanika achotse ma glow plug onse 6, timapulagi totenthetsa injini poliza, kuti madzi atulukire pamabowo ake injini isanazungulitsidwe. Zikakhala zouma, tiyeni tipite ku mafuta.

Kufooka, kutsokomola, kenako kuzima: umu ndi mmene dizilo imazimira ikakoka mpweya m'malo mwa mafuta, kapena mafuta akamadutsa movutikira. Thanki yanu inali pansi. Pachitunda chotsetsereka kwambiri mafuta ochepawo amathawira kumbuyo, ndipo galimoto ikamadumphadumpha pamiyala, paipi yokokera imatsala pamtunda kwa kamphindi n'kumeza mpweya. Kugwedezeka komweko kumavundulanso zinyalala ndi madzi zimene zakhala zikudikha pansi pa thanki kwa zaka, zonse n'kukathera mu fyuluta. Mpweya ukangofika mu pampu ya dizilo ndi m'mapaipi a ma injector, tizitsulo tofayira mafuta mu injini, umangofinyika ngati sipiling'i, injector osatseguka. Mukhoza kuliza mpaka dzuwa kulowa, palibe chimene chingachitike.

Yambani ndi batire, chifukwa popanda iyo china chilichonse simungachiyese. Itchajeni mpaka idzaze. Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6 pa mita, ikamaonetsa 12.0 ndiye kuti ili ndi njala. Ma Land Cruiser ena ali ndi mabatire awiri olumikizidwa kuti apereke mavoti 24, choncho onani yanu musanalumikize ku galimoto ina. Gwedezani mitu ya batire ndi waya wokhuthala wopita ku bodi, pakuti msewu woipa umamasula zimenezi. Thirani malita 20 a dizilo woyera m'thanki. Potsegula chivundikiro cha thanki tcherani khutu: mukamva fyuu! ngati ikumeza mpweya, kapaipi kopumira thanki katsekeka ndi matope, ndipo nakonso kamazimitsa galimoto.

Tsopano pitani pa fyuluta ya mafuta. Pansi pake pali kachotsekera kotulutsira madzi. Tcherani botolo loonekera mkati, kamasuleni pang'ono, mupope kapampu kamanja kali pamwamba. Imikani botololo mphindi imodzi, muliyang'ane padzuwa. Madzi amalemera kuposa dizilo, ndiye amakhala pansi, ndipo malire ake amaoneka bwinobwino. Mukapeza madzi ambiri kapena zakudakuda, sinthani fyuluta, musaichape. Mangani kachotsekera, mupitirize kupopa. Poyamba kapampuko kamakhala kofewa ngati palibe kanthu, kenako kamayamba kulimba pansi pa chala. Kulimbako ndiye mafuta afika. Mukapopa ka 50 koma kadakali kofewa, pali pamene pakulowa mpweya: tsatirani paipi ya labala kuchokera ku thanki, muone pong'aluka, ponyowa kapena pamene kilipi yamasuka.

Kakalimba yesani kuliza. Ikakana, mubulide ma injector, kutanthauza kutulutsa mpweya m'mapaipi ake. Masulani nati za mapaipi awiri kapena atatu pamene alowera mu injector, theka la mzungulo basi, muphimbe ndi kansanza, manja kutali. Wina alize. Kumayamba kutuluka thovu, kenako dizilo woyera amene amalavulidwa motsatira kuzungulira kwa injini. Mangani natizo mulizenso. Imayamba monjenjemera, utsi woyera tolo, koma pakatha mphindi imodzi imakhazikika. Chonde sitata musaigwire kupitirira masekondi 15, ndipo muziipumitsa mphindi yathunthu. Zimandipweteka mtima kuona sitata yabwinobwino itapsa chifukwa cha vuto limene silinali lake.

Apa ndichenjeze anzathu a galimoto zatsopano za common rail, zimene mafuta ake amalamulidwa ndi kompyuta, monga Hilux ya D-4D. Inu nati zimenezi musazimasule. M'mapaipi amenewo mafuta amapanikizidwa kuposa ma bar 1,000 (bar ndi muyezo wa kupanikizika), ndipo akatuluka mwamphamvu amaboola khungu. Popani pa fyuluta pokha, zikakanika itanani makanika wa kompyuta.

Nanga mukamasula nati koma osatuluka kanthu, ngakhale thovu? Pa pampu ya dizilo pali ka solenoid kokhala ndi waya. Ntchito yake ndi kutsegulira mafuta mukayatsa kiyi ndi kuwatseka mukazimitsa. Ikani chala pamenepo, wina atembenuze kiyi osaliza. Muyenera kumva kakuti ta! Kakakhala chete, onani fyuzi ndi wayayo. Kale ndikuphunzira ntchito ndinatha tsiku lonse pa galimoto ngati yanuyi. Ndinasintha fyuluta, ndinabulida katatu, malaya onse dizilo yekhayekha. Madzulo mphunzitsi wanga anangofika, n'kukoka pang'ono waya wa solenoid, n'kutsalira m'manja mwake. Unali utaduka mkati, labala yakunja ili bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo ndimakoka waya umenewu ndisanamasule china chilichonse, ndipo inunso mukhoza kutero chifukwa sizitenga ngakhale mphindi.

Lamba wa taimingi, amene amayendetsa mavalavu a injini, sindikumukayikira kwenikweni, chifukwa akaduka injini imazima kamodzin'kamodzi osatsokomola, ndipo kalizidwe ka sitata kamasintha. Koma ngati wadutsa makilomita 100,000 kapena simudziwa kuti anasinthidwa liti, vundukulani chivundikiro chake mumuone musanayambe kuliza.

A galimoto za petulo, zanu n'zosiyana pang'ono. Mukayatsa kiyi mvetserani pampu ya m'thanki, pa galimoto zambiri imang'ung'udza pafupifupi masekondi awiri. Ikakhala chete, onani fyuzi ndi relay yake, kaswitchi kopereka magetsi ku pampuyo. Ngati yazima mutangowoloka madzi, pukutani mawaya a mapulagi ndi mkati mwa chivundikiro cha distributor, chogawa moto ku mapulagi, ngati galimoto yanu ili nacho. Ikamazima itatentha n'kudzalira yokha ikazizira, kayikirani crank sensor, kachipangizo kouza kompyuta mmene injini ikuzungulira.

China chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu, bambo, ndi malo amene inazimira. Injini ikazima, mabuleki amakhala ndi mphamvu yake mukaponda kawiri kapena katatu kokha, kenako amauma gwa, chiwongolero nacho chimalemera. Zikadzachitikanso, pondani kamodzi osachotsa phazi, kokani handibuleki, isiyeni mu giya, wina aike miyala kumbuyo kwa matayala, ndiye mutsegule boneti. Ndipo ulendo wa m'mapiri muziuyamba thanki ili pamwamba pa theka.

Ngati kapampu kalimba, solenoid ikuti ta, batire ikuzungulitsa mwamphamvu, koma pa ma injector pali pouma, ndiye vuto lili mkati mwa pampu. Imeneyo musaitsegulire pakhomo, kafumbi kochepa kamaiwononga. Ipite kwa akatswiri a mapampu a dizilo amene ali ndi makina oyesera. Mundilemberenso zimene mupeze m'botolo lija.