Sitima yatha kumangidwa, nanga ikukanikiranji kukocheza?

Achemwali, funso lanu ndaliona mochedwa chifukwa ndinali ku ntchito ya usiku. Mwati mukufuna kupita ndi ana ku chilumba cha Arran ku Scotland patchuthi, ndiye mwadabwa kumva kuti sitima yatsopano ija, Glen Sannox, inayamba ntchito ikunyamukira ku Troon chifukwa akuti "siikwana" padoko la Ardrossan. Mwafunsanso kuti mayeso okocheza amene amatchulidwa pa nkhaniyi ndi chiyani, poti madzi ndi madzi basi, sitima ikafika ingoima. Ndaona ena akuyankhani kuti ndi katangale, ena akuti azungu nawonso amaphonya. Zophonyazo n'zoona ndithu, koma ndikufotokozereni pamene anaphonyera, chifukwa nkhani imeneyi ndakhala ndikuitsatira kuyambira kale, ndipo ndimakhala kuno ku Ayrshire komweko.

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota. Tili ana, Ilala ikafika sinkagunda kumtunda ayi. Inkaponya nangula chapatali, n'kutsitsa maboti ake, ife n'kumalowa m'madzi mpaka m'chiuno kuti tikwere botilo, wina thumba la mpunga pamutu, amayi mwana kumbuyo nsapato zili m'manja. Mukafika pa sitima mumakwera makwerero a m'mbali, wina akukukokani dzanja kumwamba wina akukukankhani kumbuyo. Zinkatheka chifukwa munthu ndi thumba zimanyamulika. Lole yodzaza katundu simungaikweze m'boti. Sitima ngati Glen Sannox imanyamula anthu 852 ndi magalimoto ang'onoang'ono 127, ndipo galimoto imalowa ikuyenda yokha pachitseko cha mbali ina n'kukatulukira mbali inayo. Choncho sitimayo iyenera kukumana ndi mtunda ndendende, pakamwa pake payang'anizane ndi msewu, osati kungoti bola yafika pafupi. Doko lake limasokedwa molingana ndi sitimayo ngati momwe telala amayezera suti.

Pa doko lotere pali zinthu zingapo zimene munthu wongokwera saziona. Pali kuya kwa madzi, ndipo kuno madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, mwina mamita atatu, osati ngati nyanja yathu imene imasintha ndi nyengo za pachaka. Ndiye pali mlatho wachitsulo umene amautcha linkspan, womangirira kumtunda mbali imodzi, mbali inayo imakwera kapena kutsika kutsatira madzi. Chitseko cha sitima chimatsika n'kugona pa mlathowu. Zikasiyana pang'ono m'lifupi, kapena potsetsereka pakakhala pothyoka kwambiri, basi yaitali imakhula mimba pansi n'kutsakamira pakhomo. Pali zotchinga za labala kukhoma la doko, zija ife kwathu timangopachika matayala akale, ndipo ziyenera kugunda pamene thupi la sitima lili lolimba. Pali zitsa zachitsulo zokolekapo zingwe, zomwe ziyenera kukhala pamalo oti chingwe chikoke mowongoka. Palinso khonde limene anthu oyenda pansi amalowera, ndipo liyenera kufika pakhomo la m'mbali mwa sitima. Chimodzi chokha chikapanda kugwirizana, sitima ya mapaundi mamiliyoni ambirimbiri imangokhala poteropo.

Koma vuto la Ardrossan lenileni ndi polowera. Amene munakwerapo sitima yakale ija, Caledonian Isles, mukukumbukira kuti ikangodutsa pakamwa pa doko imakhota mwamphamvu kuti ifike pokocheza pake, malo ake ochepa. Kukakhala mphepo ya kumwera chakumadzulo, ngakhale sitima yakaleyo inkalephera, maulendo n'kuimitsidwa. Caledonian Isles ndi yotalika mamita 94. Glen Sannox ndi ya mamita 102, ndipo ndi yolemera komanso yaitali kupita m'mwamba, ndiye mphepo imaikankha ngati khoma. Mamita asanu ndi atatuwo akuoneka ochepa mukamawerenga, koma pokhota pamene kale pankatsala malo ochepa, ndi ambiri.

Chimene chimandipweteka mutu n'chakuti zimenezi zinkadziwika kuyambira pachiyambi. Sitima ziwirizi, Glen Sannox ndi inzake Glen Rosa, anaziitanitsa mu 2015 ku kampani ya Ferguson Marine ya ku Port Glasgow pa mtengo wa mapaundi 97 miliyoni, kuti zidzayambe ntchito mu 2018. Mu 2017 boma la Scotland linagamula kuti Ardrossan ipitirize kukhala doko la ulendo wa ku Arran, Troon itapikisana nawo n'kugonja, ndipo aliyense ankadziwa kuti dokolo liyenera kukonzedwa. Tsidya linalo, ku Brodick pachilumba cha Arran, anamanga doko latsopano n'kulitsegula mu 2018. Ku Ardrossan ntchito siinayambe. Nthawi imeneyo dokolo linali la kampani ya Peel Ports, sitima ndi ya bungwe la boma la CMAL, oyendetsa ndi CalMac, khonsolo ya North Ayrshire nayo ili ndi gawo lake, ndiye zaka zinatha akukankhirana kuti alipire zingati ndani. Mu 2023 boma linaimitsa kaye dongosolo lopezera kontrakitala poona kuti mtengo wakwera, ndipo mu Febuluwale 2025 linalengeza kuti likuganiza zongoligula dokolo. Kwathu amati usagule mbereko mwana asanabadwe. Apa mwana anachedwa kubadwa ndi zaka zoposa zisanu ndi chimodzi, koma atabadwa anapezabe mbereko kulibe.

Za kuchedwa kwa sitimayo ndingodutsa mwachangu poti zinalembedwa kwambiri. Anaitsitsira m'madzi mu Novembala 2017, a Nicola Sturgeon, amene anali nduna yaikulu ya Scotland nthawiyo, alipo, mawindo a chipinda cha kaputeni ali ongojambula ndi penti. Kampani inagwa mu 2019 boma n'kuitenga. Mphuno ya pansi pa madzi anachita kuidula n'kuikapo ina. Mawaya ambiri a magetsi anapezeka kuti ndi aafupi. Bungwe loona za chitetezo cha panyanja la MCA linati njira zothawira ngozi sizikukwanira, ndiye anawonjezera masitepe ndi kukulitsa makomo, chiwerengero cha anthu n'kutsika kuchoka pa 1,000 kufika pa 852 paja. Mtengo wa sitima ziwirizi unakwera kuposa kanayi.

Tsono ku mayeso. Sitima ikatha kumangidwa imayesedwa kambirimbiri isananyamule munthu wolipira ndi mmodzi yemwe, ndipo mayesowa ndi osiyanasiyana. Ikadali pamalo omangira amaikamo zitsulo zolemera zodziwika kulemera kwake, n'kumazisuntha kuchoka mbali ina kupita mbali ina, akuyeza kuti yapendekeka bwanji. Apa m'pamene amadziwira ngati sitima ili yolemera kumutu. Ife a kunyanja izi sitizitenga mwamasewera. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja yathu ya Malawi, itangoyenda maulendo ochepa chiyambire ntchito, mphepo itaigubuduza, ndipo anthu 145 anafera momwemo. Ilala inabwera pambuyo pa ngozi imeneyo. Anaimanga mu 1949 ku kampani ya Yarrow ku Scotstoun, pa mtsinje wa Clyde womwewu umene Glen Sannox inamangidwira, n'kuitumiza zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Ndikamadutsa pa Clyde ndimakumbuka zimenezo.

Akatero amaitulutsa kupita pakati pa nyanja. Glen Sannox inayamba zimenezi mu Febuluwale 2024. Amaithamangitsa mpaka mapeto a mphamvu zake, kenako n'kubweza injini mwadzidzidzi kuti aone kuti iima itayenda mtunda wotani. Amaizunguza, amathimitsa dala magetsi kuti aone ngati jenereta yapadera idzuka yokha, amaponya nangula n'kumukokanso. Pa nangula pomwepa anapeza vuto chakumapeto kwa 2024, mawilo okoka tcheni sankagwira bwino, ndipo anachita kuitanitsa ena. Sitimayi ilinso ndi chake chapadera, chifukwa imayendera dizilo wa sitima komanso gasi wa LNG, amene amasungidwa ali madzi pa kuzizira kwa madigiri pafupifupi 160 pansi pa ziro. Mapaipi ake anayenera kuziziritsidwa pang'onopang'ono asanathiremo gasiyo. Gasiyo amachita kubwera naye pa mathanki a pamsewu kuchokera ku Isle of Grain ku Kent, kumwera kwa England, ndiye doko liyeneranso kukhala ndi malo otetezeka omwetsera sitima. Nayonso ndi mbali ya "kukwana" kuja.

Mayeso okocheza amabwera eni ake atailandira. Glen Sannox inaperekedwa mu Novembala 2024 koma inayamba kunyamula anthu mu Januwale 2025, ndipo masabata apakatiwo anali a amalinyero a CalMac kuti aizolowere. Ndinakaonerera tsiku lina ndili chiimire kumtunda ku Troon, kukuzizira koopsa. Sitima ilibe okwera, imabwera pang'onopang'ono ngati ikuzemba. Kaputeni sakhala pakati, amapita kuphiko la chipinda chake limene limatulukira kunja kwa sitima, kuti aziona khoma la doko pansi pake. Mumamva kugunda kwa mapulopela a m'mbali, aja amakankha mphuno ya sitima kumanzere kapena kumanja, madzi akuwira thovu pakati pa sitima ndi khoma. Mmalinyero amaponya kachingwe kakang'ono kokhala ndi mfundo yolemera kumapeto, wa kumtunda n'kukawakha, n'kukoka chingwe chachikulu chonenepa ngati mkono, n'kuchikoleka pachitsa. Makina akamakoka chingwecho chimalira, madzi akufinyika m'menemo, ndipo palibe amene amaima pafupi nacho chifukwa chikaduka chimadula munthu miyendo. Kenako chitseko chimatsika. Anthu ovala majekete owala amagwada pamene chitsekocho chagona pa mlatho, wina ali ndi tepi yoyezera, wina akujambula. Akamaliza amamasula zonse, sitima n'kubwerera m'mbuyo, n'kudzayambiranso.

Amabwerezabwereza chifukwa tsiku limodzi silinena zonse. Ayenera kuona madzi atadzaza ndi ataphwa, masana ndi usiku, kuli bata ndi kuli mphepo. Makaputeni ndi angapo chifukwa amasinthana, ndipo aliyense ayenera kuigwira ndi manja ake, adziwe kuti ikamayenda pang'onopang'ono imamva chiwongolero mochedwa bwanji. Pa mayeso omwewa m'pamene amalemba malire a mphepo, kuti ikafika mphamvu yakuti kuchokera mbali yakuti, padoko ili sitikocheza. Mukadzamva kuti ulendo waimitsidwa pamene inu mukuona ngati kunja kuli bwinobwino, nthawi zambiri gwero lake ndi malire amenewa. Amayesanso madoko ena amene sitimayo siipitako masiku onse, kuti inzake ikawonongeka adziwiretu kumene ingathe kukathandiza. Ndipo amayeserera zotulutsa anthu pangozi, kufunyulula makhonde otsetserekera m'mabwato opopa, oyendera a MCA akuwerenga mphindi. Popanda chiphaso chawo sitima sinyamula anthu.

Musaganize kuti ndi Scotland yokha. Amene mumakhala ku Edinburgh munaiona sitima yaikulu yofiira ndi yoyera imene inaima ku Leith kuyambira Disembala 2024. Imeneyo inali Spirit of Tasmania IV, ya mamita 212, yomangidwa ku Rauma ku Finland kuti izikayenda pakati pa Geelong ndi Devonport wa pachilumba cha Tasmania ku Australia. Sitima inatha, koma pokocheza pake ku Devonport panali pasanamangidwe, ndiye inakhala miyezi ingapo kuno akulipira lendi ya doko, ndipo nduna yoona za zomangamanga ku Tasmania, a Michael Ferguson, inatula pansi udindowo pa nkhani yomweyi. Ine ndimaona kuti chimachititsa n'chakuti sitima ili ndi tsiku lake la mwambo, pali botolo loswa ndi makamera, pamene kukumba matope padoko ndi kukhoma zitsulo m'madzi palibe amene amafuna kujambulitsapo. Ndiye ndikamva nkhani zoti panyanja yathu pabwere sitima yolowa m'malo mwa Ilala, funso langa loyamba limakhala la madoko, makamaka poti madzi a nyanja yathu zaka zina amatsika mpaka sitima kulephera kufika pa jeti, zaka zina amakwera mpaka kumiza magombe, ndipo mwera ukayamba suona kuti sitimayi ndi yatsopano.

Kunena chilungamo, sitimayo payokha ndi yabwino. Ndinaikwera, ndi yachete, yotakasuka, ndipo imapirira mafunde. Amene anavutika ndi anthu a pachilumba ndi a mashopu a ku Ardrossan. Kuchokera ku Ardrossan ulendo ndi wa mphindi 55 ndipo sitima ya pamtunda imakutulani padoko penipeni. Kuchokera ku Troon ndi ola limodzi ndi mphindi 15 kapena kuposerapo, ndiye maulendo a patsiku anachepa kuchoka pa asanu kufika pa atatu, ndipo munthu wa ku Brodick wopita kuchipatala kumtunda amavutika kuti apite n'kubwerako tsiku lomwelo.

Inuyo achemwali, pogula matikiti muonetsetse doko limene lalembedwapo, chifukwa maulendo ena amanyamukira ku Ardrossan ena ku Troon malinga ndi sitima imene ilipo nthawiyo. Ngati ndi Troon ndipo mukubwera pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Glasgow Central, siteshoni ili patali ndithu ndi doko, si poyenda ndi ana ndi zikwama, ndiye mufunse za basi yolumikiza ndipo mufike nthawi ikadalipo. Ngati mukupita ndi galimoto, sungitsani malo masabata angapo m'mbuyo, nthawi ya tchuthi amatha msanga. Anawo muwaveke majekete ngakhale kuli dzuwa, ndipo mukamayandikira ku Brodick mukwere nawo pamwamba akaone amalinyero akuponya kachingwe kaja.