Mwana wovuta pomera mano: yankho la agogo

Adzukulu athu awiri, mayi ndi bambo a mwana wachisamba, abwera ndi funso. Mwana wawo wa miyezi 16 wasintha. Usiku akungodzidzimuka n'kumalira, dovu silikuuma pachibwano, akuluma chilichonse ngakhale bere, chakudya akuchikankha ndi dzanja, ndipo tsopano wayamba kutsegula m'mimba. Achibale akuti ndi mano, zitha zokha. Wina wawauza kuti agule mkanda womuveka m'khosi. Achite chiyani?

Adzukulu, tiyamba ndi kutsegula m'mimbako, pakuti ndiko kosadikira. Dzino silitsegulitsa m'mimba, silisanzitsa, silitsokomoletsa, ndipo silitenthetsa thupi mpaka madigiri 38 kapena kupitirira apo. Chimene limachita ndi kutupitsa nkhama, kuchulukitsa malovu ndi kufunditsako thupi pang'ono chabe. Mawu oti "ndi mano" achedwetsa ana ambiri kufika kuchipatala, malungo kapena chibayo zikukula mkati, makolo ali phee kudikira kuti dzino lituluke.

Amene akunena kuti ndi mano sakunama dala. Zimene anaona n'zoona, kungoti anazimasulira molakwa. Mwana akafika miyezi 6, chitetezo chimene anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chimayamba kuchepa. Nthawi yomweyo ndi pamene amayamba kudya zakudya zina, kukwawa, ndi kutola chilichonse pansi n'kuika m'kamwa, makamaka nkhama zikamamuyabwa. Majeremusi amalowera pamenepo. Ndiye dzino ndi matenda zimafika pamodzi, anthu n'kumaloza dzino poti ndi limene likuoneka.

Choncho wanuyo muyambeni lero kumwa ORS, madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi. Sungunulani paketi m'madzi aukhondo, okwana muyeso umene walembedwa papaketipo, osawonjezera shuga kapena mchere. Mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Kuchipatala akakupatsaninso zinki, mankhwala othandiza kuti m'mimba muleke msanga, mamiligalamu 20 patsiku kwa mwana woposa miyezi 6, kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo mudzamalize ngakhale m'mimba mutaleka. Bere lisaime. Koma mukaona maso alowa, mkodzo wachepa, magazi m'chimbudzi, mwana akukana kumwa, akusanza chilichonse, wafooka moti sakudzuka bwino, wakomoka, kapena akupuma mofulumira (kokwana 40 pa mphindi kwa mwana woposa chaka), nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku.

Tsopano za manowo. Dzino loyamba limatuluka mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ena msanga, ena mpaka atakwanitsa chaka. Amayamba ndi awiri akutsogolo a m'munsi, kenako awiri a m'mwamba pa miyezi 8 mpaka 12, n'kutsatira oyandikana nawo. Amenewa ndi opyapyala, amang'amba nkhama mosavuta. Ovuta ndi otafunira oyamba, amene amabwera pakati pa miyezi 13 ndi 19, ndipo n'kutheka kuti wanuyo ali pamenepo. Dzino lotafunira ndi lotambalala pamwamba, lili ndi timitu tingapo, ndiye limakankha nkhama dera lalikulu ndipo silitulukira kamodzi. Mano osongoka amatsatira pa miyezi 16 mpaka 23, ndipo otafunira achiwiri, a kumapeto kwenikweni, pa miyezi 23 mpaka 33. Pofika zaka 3 amakhala atakwana 20.

Sambani m'manja, mugonekeni pamwendo poyera, mukweze mlomo wake n'kuyang'ana. Pamene pakubwera dzino pamakhala potupa, pofiira, ndipo mukapitapo ndi chala mumamva kanthu kolimba pansi pake. Nthawi zina kansonga koyera kamakhala katayamba kale kusuzumira. Tsaya la mbali imeneyo limatha kufiira, mwana n'kumakoka khutu la mbali yomweyo chifukwa ululu umayenderera. Pena pamatuluka kachotupa kofewa, kakuda mobiriwira, pamwamba pa dzino lotafunira. Musakaboole, kamaphwa kokha dzino likatuluka. Mukaona mafinya, fungo loipa, kapena zilonda zambiri palilime ndi m'masaya, amenewo si mano, n'zoti akaone achipatala. Chimodzimodzi khutu likamatuluka madzi, kapena akamalikoka thupi lili moto.

Kuvuta kwa dzino limodzi kumatenga masiku ochepa lisanatuluke ndi ochepa litatuluka, tingoti sabata. Mwana amene wakhala akulira mwezi wathunthu ali ndi china.

Zothandiza zenizeni n'ziwiri: kukanikiza ndi kuziziritsa. Wengani chikhadabo, sambani ndi sopo, ndipo ndi mimba ya chala sisitani pamene patupapo mozungulira, mokanikiza ndithu, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Poyamba akana, kenako mudzaona akukankhira yekha chibwano pachala chanu. Tengani kansalu koyera, mukanyowetse m'madzi aukhondo ozizira, mukafinye, mukapotokole, mumupatse azitafuna inu muli pomwepo. Supuni yachitsulo yozizira imagwiranso ntchito. Ngati muli ndi kamphete ka labala kopangira ana omera mano, kaikeni mufiriji koma osati m'chipinda chake choumitsa madzi, chifukwa chinthu choundana gwa chimapweteka nkhama m'malo moziziziritsa. Kasankheni kolimba, kopanda madzi mkati, pakuti mwana wa mano akutsogolo amatha kukaboola. Zakudya zolimba zomwe zingabenthuke n'kumutsamwa musamusiyire yekha.

Dovu muzilipukuta mofatsa ndi kansalu kofewa, osakhula, n'kupakapo Vaseline pang'ono pachibwano ndi m'khosi kuti khungu lisasupuke. Malaya akanyowa pachifuwa msintheni.

Pa chakudya musalimbane naye. Mpatseni zofewa, zopola, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Masiku awiri atatu odya monyinyirika savulaza mwana amene akuyamwa ndi kumwa bwino. Kumutseka mphuno kuti atsegule pakamwa n'koopsa, chakudya chimatha kulowera m'mapapo. Za kuluma bere, dziwani kuti mwana akamayamwa zenizeni lilime lake limaphimba mano a m'munsi, ndiye saluma. Amaluma akakhuta, akayamba kusewera. Mukaona wachepetsa kumeza, lowetsani chala chaching'ono pakona ya milomo yake kuti asiye, munene kuti "ayi, osaluma" ndi mawu otsika, n'kumutsitsa kwa kanthawi. Musakuwe kapena kuseka, angayese ndi masewera. Ndipo mano si chifukwa chomuletsera kuyamwa.

Ululu ukamulepheretsa kugona ngakhale mwachita zonsezi, panado wamadzi wa ana amaloledwa. Werengani botolo kaye, pakuti mphamvu zimasiyana. Pa uja wolembedwa mamiligalamu 120 pa mamililita 5, mwana wa miyezi 6 mpaka 23 amamwa mamililita 5, papite maola osachepera 4 asanamwenso, ndipo asapitirire kanayi pa maola 24. Yezerani ndi sirinji kapena kachikho kobwera ndi mankhwalawo, chifukwa masupuni a m'nyumba salingana. Ngati mwanayo ndi wochepa thupi poyerekeza ndi msinkhu wake, funsani achipatala muyeso wa kulemera kwake; safunsa anadya phula. Panado wochuluka amawononga chiwindi mwakachetechete, ndipo mankhwala ambiri a chimfine ali ndi panado kale, musaphatikize. Mukafika tsiku lachitatu mukumupatsabe, kamuonetseni. Asipulini musamupatse mwana n'komwe. Ibuprofen, mankhwala ena ochepetsa ululu, nayenso ayi pamene akutsegula m'mimba chonchi, chifukwa thupi likachepa madzi amavulaza impso.

Mkanda uja usiyeni kwa wogulitsa. Palibe chimene umachita kunkhama, koma chingwe cha m'khosi chimakola mwana ali m'tulo, ndipo ukaduka timikanda timapita kukhosi. Mu 2018 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza za mikanda yotere litalandira malipoti a ana ovulala ndi imfa. Chaka chomwecho linachenjezanso kuti mankhwala opaka m'nkhama okhala ndi benzocaine, wochititsa dzanzi, asapatsidwe kwa ana osakwana zaka 2, chifukwa amatha kulepheretsa magazi kunyamula mpweya, mwana n'kuda milomo. Ndiponso opakapakawa amakokoloka ndi malovu m'mphindi zochepa, mwana n'kungowameza. Mankhwala a mano akhala akupha ana kuyambira kale: maufa akale opatsa ana omera mano anali ndi mekyule, chitsulo cha poizoni, mpaka m'ma 1950, ndipo ku Nigeria mu 2008 mankhwala amadzi a ana omera mano, amene munalowa poizoni wowononga impso, anapha ana ambirimbiri. Botolo losadziwika kumene lachokera lisafike pakamwa pa mwana. Mowa musamupake, uchi musamupatse asanakwanitse chaka, ndipo aliyense wofuna kucheka nkhama kapena kukolokosola dzino lisanatuluke, ati kuti mwana achire, mumukanize mwaulemu koma osagwedezeka. Magazi amatayika, chilonda chimalowa majeremusi, ndipo dzino lachikulire limene lili pansi limawonongeka.

Achibale anuwo musakangane nawo pagulu. Athokozeni, muwauze kuti mwana mukamuyezetsa kaye. Udindo wa mwanayo ndi wanu awiri.

China chimene simunafunse koma tikuchiona: si kuvuta konse kwa msinkhu uwu kumene kuli kwa mano. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zitatu mwana amafuna zambiri koma mawu alibe, ndiye amadzigwetsa pansi, amaluma, amakana ngakhale chimene akuchifuna. Njala, tulo ndi kusintha kwa zozolowera zimawonjezera. Mudzasiyanitsa chonchi: wa dzino amalira ali ndi dzanja m'kamwa ndipo amatonthola mukamusisita nkhama, wa mkwiyo amalira akukuyang'anani ndipo amaiwala mukamusonyeza china. Onse awiri safuna mbama. Akaluma mnzake, mchotseni, munene mawu ochepa, mumupatse choti alume. Kumubwezera kuluma kumangomuphunzitsa kuti akuluakulu nawonso amatero. Nthawi yogona ikhale imodzimodzi, ndipo zizolowezi zatsopano za masiku ovutawa, monga kusewera naye pakati pa usiku, zisakhazikike.

Inu bambo, usiku si wa mayi okha. Gawanani, wina agone wina atadzuka. Ndipo aliyense wa inu akamva kuti mtima wafika m'khosi, amugoneke mwana pamalo abwino, atuluke kwa mphindi zingapo, aitane mnzake. Musamugwedeze mwaukali ngakhale kamodzi, mitsempha ya muubongo wa mwana imaduka msanga.

Mano amene atulukawo ayambe kutsukidwa tsopano, kawiri patsiku, makamaka pogona, ndi kamswachi kofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride wolimbitsa mano, ochepa ngati kambewu ka mpunga mpaka atakwanitsa zaka 3. Pamene patupa pitanipo mofatsa koma osadumphapo. Asagone ndi botolo la zotsekemera m'kamwa, pakuti usiku malovu amachepa ndipo shuga amakhalira kudya mano akutsogolo a m'mwamba. Chizindikiro choyamba ndi timizere toyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama. Ena amati poti adzaguluka palibe kanthu, koma otafunira amene akukuvutitsani lerowa adzakhala m'kamwa mpaka mwana atafika zaka za pakati pa 9 ndi 11, akusungira malo mano achikulire.