Kodi kusungulumwa kungakwezedi BP?

Achimwene, mwafunsa ngati BP yanu yakwera chifukwa chokhala nokha kuno ku Johannesburg, mayi a ana ali ku Mangochi. N'zotheka ndithu, ngakhale mchere wambiri ndi kusagona mokwanira nazonso zimakweza BP.

Munthu akamakhala ndi nkhawa popanda womuuza, thupi limatulutsa michere yambiri ya m'thupi (mahomoni) yotchedwa cortisol ndi adrenaline, mtima n'kumagunda mwamphamvu, mitsempha ya magazi n'kumafinyika. Zikapitirira kwa zaka, BP imatha kukhazikika pamwamba. Ofufuza a pa yunivesite ya Harvard ku America akhala akutsatira moyo wa gulu la amuna kuyambira 1938, ndipo anapeza kuti amene ankasangalala ndi maubale awo ali ndi zaka 50 ndiwo anali athanzi pofika zaka 80.

Komatu nkhani si kuchuluka kwa anthu. Mutha kugona asanu m'chipinda chimodzi ku Yeoville, dera la mu Johannesburg muno, popanda wofunsa ngati mwadya. Wofunika ndi munthu womvetsera, woti akangomva mawu anu pafoni adziwe kuti lero sizili bwino. Banja la mikangano nalonso limadwalitsa: kafukufuku wa ku Ohio, ku America, wa mu 2005 anasonyeza kuti zilonda zimachedwa kupola kwa okwatirana amene amalankhulana mwaukali.

Ndiye mukamaimbira alamu athu pa WhatsApp, musamangokambirana za ndalama zomwe mwatumiza. Mankhwala a kuchipatala aja musasiye kumwa.