Kodi asilikali anafufuzapo zinthu zachilendo zouluka kumwamba?

FUNSO: Akonzi, tsiku lina madzulo tikuchokera kumsika wa Chitakale tinaona kuwala kukuyenda mwakachetechete pamwamba pa phiri la Mulanje. Agogo anati ndi mizimu ya ku Sapitwa, ena anati ndi ndege ya afiti, koma alamu anga akuti asilikali a ku America anafufuzapo zoterezi. Kodi n'zoona? Ndine wowerenga wanu wa ku Likhubula.

YANKHO: Alamu anuwo sanakunamizeni. Nkhaniyi inabuka pa 24 June 1947, pamene woyendetsa ndege wina, Kenneth Arnold, ananena kuti waona zinthu 9 zonyezimira zikuuluka mwaliwiro pafupi ndi phiri la Rainier ku America. Asilikali a m'mlengalenga a dzikolo anayambitsa kafukufuku wotchedwa Project Sign, kenako Project Grudge, ndipo kuchokera mu 1952 mpaka 1969 ntchitoyi inkatchedwa Project Blue Book.

Chimene chinkawasowetsa tulo kwenikweni chinali mantha akuti dziko la Soviet Union lapanga ndege zomwe iwo sankazidziwa. Nkhaniyi inatayitsanso moyo wa munthu: mu January 1948, Kaputeni Thomas Mantell, woyendetsa ndege ya nkhondo, anafera m'chigawo cha Kentucky ku America atakwera m'mwamba kwambiri popanda okosijeni, akuthamangitsa chinthu chonyezimira chimene pambuyo pake anachiganizira kuti chinali chibaluni cha kafukufuku.

Mwa malipoti 12,618 amene anasonkhanitsidwa, ambiri anapezeka kuti anali nyenyezi, mabaluni, mitambo kapena ndege, koma 701 anatsala osadziwika. Kunena kuti "osadziwika" kukutanthauza kuti ofufuzawo analephera kutchula chimene chinaoneka, osati kuti anapeza alendo ochokera kunyenyezi. Chimene ine chimandipweteka mtima n'chakuti nthawi zina akuluakulu ankadziwa zoona koma n'kubisa. Patapita zaka, bungwe la akazitape a boma la America la CIA linavomera kuti anthu ambiri ankaona ndege yake yaukazitape ya U-2, imene inkauluka pamwamba kuposa mamita 18,000, moti dzuwa likalowa pansi pano iyo inkawalabe ngati khala la moto. Anthu amene ankasekedwa kuti akulota anali ataonadi chinthu chenicheni.

Kuwala kwanuko, ngati kunkayenda mwakachetechete, mosaphethira, dzuwa litangolowa, n'kutheka kwambiri kuti inali setilaiti yowalitsidwa ndi dzuwa mofanana ndi U-2 ija. Mukadzakuonanso, mudzalembe nthawi, mbali imene kwachokera ndi mphindi zimene kwatenga kuti kuzimiririke kuseri kwa phiri la Chambe, ndipo mudzatilemberenso.