Ma if akachuluka pa malipiro, yambani ndi Strategy ndi Adapter

Owerenga athu ena atitumizira imelo. Pulogalamu yawo ya sitolo imalandira ndalama pa Airtel Money, TNM Mpamba ndi khadi la kubanki, koma function yolipirira yadzaza ma if ndi ma else, moti akakonza mbali ya Mpamba, ya khadi imasokonekera. Akufunsa ngati ma design pattern, omwe ndi njira zodziwika zokonzera code pothana ndi mavuto obwerezabwereza, angawathandize.

Angathandize ndithu, koma musavutike kuloweza onse 23 a m'buku lomwe Erich Gamma, Richard Helm, Ralph Johnson ndi John Vlissides anatulutsa mu 1994. Vuto lanuli likufuna awiri okha.

Woyamba ndi Strategy. Lembani interface imodzi (mndandanda wa ma method omwe njira iliyonse yolipirira iyenera kukhala nawo), muitche NjiraYolipira, yokhala ndi ma method awiri: wina woyambitsa malipiro, wina wofunsa pamene afika. Njira iliyonse ikhale ndi class yakeyake. Gawo la maoda lizingodziwa interfaceyo basi. Ma if onse aja asanduka Map imodzi yolumikiza dzina la njira ndi class yake, ndipo banki yatsopano ikabwera mungowonjezera class imodzi ndi mzere umodzi.

Wachiwiri ndi Adapter, ndipo ntchito yeniyeni ili pamenepa. API ya kampani iliyonse, kutanthauza khomo lomwe pulogalamu yanu imalankhulirana ndi kampaniyo, ili ndi mayina ake ndi ma code ake osonyeza kukanika. Zonsezo zithere m'kati mwa class ya kampaniyo, kunja kuzituluka mayankho anu atatu: ATHEKA, AKANIKA, AKUDIKIRA. Lachitatulo ambiri amaliiwala. Pa ndalama za pafoni, kasitomala amayenera kulowetsa PIN yake, ndipo yankho limabwera pambuyo pake kudzera pa callback, uthenga womwe kampaniyo imatumiza ku pulogalamu yanu. Method yobweza true kapena false yokha idzanena kuti malipiro akanika munthu akadali kufufuza foni m'thumba, kenaka ndalama n'kudulidwa katundu osaperekedwa.

Callback imodzi ikhozanso kufika kawiri. Sungani nambala ya malipiro aliwonse mu database pansi pa unique constraint (lamulo loletsa nambala imodzi kulowa kawiri), kuti yobwerezayo ikanidwe pomwepo. Ndalama muzisunge m'matambala ngati integer: K1,500.50 ikhale 150050. Float, nambala yokhala ndi dontho, siyodalirika pa ndalama, poti mu JavaScript 0.1 kuphatikiza 0.2 imatulutsa 0.30000000000000004.

Pali ena adzakulangizani kuti class yolipirira ikhale Singleton, kutanthauza class yokhala ndi object imodzi yokha yomwe pulogalamu yonse imagwiritsa ntchito. Ife timakana. Singleton imabisa zomwe code yanu ikudalira, ndipo poyesa pulogalamu kumavuta kuyikapo njira yabodza. Perekani NjiraYolipira kudzera pa constructor, kuti pa test muziyikapo class yongoyerekeza, yobweza AKUDIKIRA osakhudza ndalama zenizeni.

Ngati mukulemba mu Python kapena JavaScript, Strategy sifunanso ma class ambiri: function wamba yosungidwa mu dictionary kapena object imakwanira. Musagwetse zonse tsiku limodzi. Tulutsani njira imodzi mu function yaitali ija, ilembereni ma test a mayankho atatu aja, akadutsa ndiye mukhudze yachiwiri.