Dilamu labodza ndi mkondo wa alamu

FUNSO: Loweruka lililonse timasonkhana anthu asanu kuno ku Chibavi kusewera Dungeons & Dragons, sewero la nthano la madayisi lomwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhaniyo, ndipo alamu anga ndiwo amayendetsa nkhani ngati DM (Dungeon Master, woyendetsa sewero ndi adani onse). Ine ndimasewera wamatsenga wa levulo 3. Sabata yatha m'sewerolo asilikali atandithamangitsa ndinakhotera m'kanjira, n'kupanga dilamu labodza ndi matsenga otchedwa Minor Illusion, n'kunjuta m'kati mwake. Alamu anangoti msilikali wafika n'kubaya dilamulo ndi mkondo, basi ndagwidwa. Tsiku lina ndinafuna kupanga galu wouwa, anakananso. Kodi matsenga ophimba m'masowa ali ndi ntchito, kapena alamu akungondilanda? — Wowerenga wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO: Achimwene, pa nkhani ya galu alamu anu sanalakwe. Ndikutsata malamulo a 2014, omwe magulu ambiri akugwiritsabe ntchito. Minor Illusion imakupatsani chimodzi mwa ziwiri: phokoso, kapena chithunzi cha chinthu chopanda moyo chosapitirira mafiti 5 mbali zonse, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Mpando, dilamu, thumba la chimanga, zimenezo zimatheka. Galu ayi. Galu woyenda amafuna Silent Image, imene imafika mafiti 15, koma monga dzina lake likunenera, galuyo ndi wosalankhula. Wouwa, wonunkha ngati galu weniweni, ndi wa Major Image, ndipo imeneyo mudzaipeza pa levulo 5.

Koma pali kanjira kachidule. Silent Image imafuna kuti maganizo anu akhale pa iyo nthawi yonse, pamene Minor Illusion safuna zimenezo. Choncho pangani galuyo raundi ino, raundi yotsatira muponye kuuwa pomwe wayimapo. Lamulo silikuletsa.

Tsono dilamu lija, apa ndipamene pali mlandu.

Chithunzi chabodza chimaululika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuchikhudza: mkondo ukangodutsa, bodza latha, dayisi safunikanso. Yachiwiri ndi kuchiyang'anitsitsa. Msilikali amataya mpata wake wonse wochita kanthu pa raundi imeneyo, n'kuponya dayisi ya mbali 20 pa Investigation (luso lofufuza), kulimbana ndi nambala ya matsenga anu. Nambalayo imapezeka powonkhetsa 8, bonasi ya luso ndi bonasi ya nzeru. Ngati wamatsenga wanu ali ndi Intelligence (nzeru) 16, ndiye 8, kuonjezera 2 wa luso ndi 3 wa nzeru, kukwana 13. Msilikali wamba ali ndi Intelligence 10, alibe chowonjezera, ndiye ayenera kupeza 13 kapena kuposa. Mbali zopambana ndi 8 mwa 20. Akapambana, dilamulo limayamba kuoneka mbuu kwa iye yekha, n'kukuonani mutanjuta.

Ndiye papepala alamu anu ali bwino, kubaya n'kololedwa. Funso langa kwa iwo ndi lakuti: msilikaliyo anabayiranji dilamu limenelo? Ngati anakuonani mukusanduka dilamu maso ake ali gwa, kapena amalondera kanjirako tsiku ndi tsiku ndipo akudziwa kuti sipakhala dilamu, anabaya mwanzeru. Koma ngati anakhota pakona n'kupeza kanjira kodzaza zinyalala ndi madilamu ena, amene anadziwa za bodzalo ndi alamu, osati msilikali. Inu mukamadutsa mumsika wa Taifa, kodi mumatosa katoni iliyonse kuti muone ngati ndi yeniyeni?

Ineyo ndili DM ndinachitapo zomwezi, sindibisa. Usiku wina wa mu Julaye ku Luwinga, kukuzizira mmene kumachitira kuno, magetsi atathima, tinkasewera pa kandulo. Mlongo wanga anatseka khomo la phanga ndi khoma labodza, ine zilombo zanga ndinangozilowetsa osaima n'komwe. Anayika pensulo pansi n'kundifunsa kuti, "Achimwene, zilombozi munazinong'oneza ndinu?" Ndinasowa pogwira. Ndinali nditakonza nkhondo ya m'phangamo kwa masiku atatu, ndipo ndinkangokana kuti ntchito yanga ipite pachabe.

Chithunzi chabodza chili ngati chidole cha nsanza chomwe timayimika m'munda. Anyani amachiopa tsiku loyamba, mwina lachiwiri, kenako mmodzi wolimba mtima amachiyandikira n'kuona kuti sichigwedezeka. DM wabwino amasewera adani ngati anyaniwo: ayambe akhulupirira, kukayika kubwere pakaoneka chifukwa. Nanunso osewera muzithandiza bodza lanu. Dilamu m'kanjira ka kumsika ndi lomveka, koma dilamu pakati pa chipinda cha mfumu likudziitanira mkondo.

Musaiwalenso ziwiri izi, poti alamu akanatha kukugwirani nazo mwachilungamo. Minor Illusion imakhala mphindi imodzi yokha, maraundi 10 a masekondi 6. Asilikali akaima pakona n'kumakambirana, dilamu limazimiririka inu muli chinjutire. Komanso limabisa thupi lokha, wefuwefu wa munthu wothamanga silibisa, ndiye DM ali ndi ufulu wokuponyetsani dayisi ya Stealth (luso lobisala mwakachetechete).

Mukafuna bodza losatha ndi kukhudza kamodzi, pa levulo yanuyo muli kale ndi mwayi wotenga Phantasmal Force. Imeneyi imalowa m'mutu mwa mdani mmodzi akalephera dayisi ya Intelligence, ndipo ena onse saona kanthu. Mukamuonetsa mlatho wabodza n'kugwera mumtsinje, iye amadziuza kuti waterereka kapena mphepo yamukankha. Moto wabodza umamupwetekadi, dayisi imodzi ya mbali 6 pa raundi. Amathabe kuufufuza ndi Investigation, koma ayenera kutayira mpata wake.

Loweruka likubwerali fikani msanga, anzanu asanabwere, muwagulire alamu chipisi. Afunseni chinthu chimodzi chokha: mdani aziona chiyani kuti ayambe kukayika? Zimene ayankhezo muzilembe kuseri kwa pepala la wamatsenga wanu, chifukwa tsiku lina nawonso adzakupangirani mlatho wabodza.