Musanachotse mapointi pa injini yakale ya boti, yang'anani makoyilo

Achimwene, mwati Evinrude yanu ya masilinda awiri, ya m'ma 1960, ikuvuta kulira, ndipo ikatentha silinda imodzi imasiya kugwira. Ndiye mukufunsa ngati kuika module, kachipangizo kamagetsi, m'malo mwa mapointi (tizitsulo totsekula ndi kutseka magetsi kuti pulagi itulutse moto) kungathetse vutoli. Module imalowa m'malo mwa mapointi ndi kondensa (koteteza mapointi kuti asapse) basi. Makoyilo, omwe amakweza magetsi opita ku mapulagi, amatsala omwewo, ndipo pa injini za Johnson ndi Evinrude za nthawi imeneyo, makoyilo ndiwo amakonda kufa. Zomwe mwafotokozazi zikuloza komweko.

Yambani mwayeza kompuresheni (kupanikizika kwa mpweya m'silinda), masilinda asasiyane kuposa 10 peresenti. Kenako yesani moto wopita ku pulagi: uzidumpha mpata wa mamilimita 6, wabuluu, wothetheka. Kugunditsa pulagi pa injini n'kumaonerera kumanamiza, chifukwa moto wofooka umaoneka bwino panja, koma m'silinda momwe mpweya wapanikizika umalephera kudumpha.

Flywheel (gudumu lolemera la pamwamba pa injini, lokhala ndi maginito) muichotse ndi puller (chida chokokera) ya mabauti atatu, yolowa m'mabowo a pamwamba. Yokoka m'mphepete ija imapinda flywheel, musaiyerekeze. Mabautiwo musawalowetse kwambiri, amakaboola makoyilo kunsi. Mukatsegula, yang'anitsitsani chikutiro cha koyilo iliyonse. Mukaona ming'alu, ngakhale yaing'ono ngati tsitsi, koyiloyo yatha: ikatentha kapena kulowa chinyezi moto umathawira pa mng'alupo osafika ku pulagi. Sinthani onse awiri. Pomanga atsopano, chitsulo cha koyilo chilingane ndendende ndi m'mphepete mwa pomwe chimakhala. Chikatuluka chimakhula maginito, chikalowa mkati moto umachepa. Mawaya a mapulagi akhale a kopa mkati, a mamilimita 7. A kaboni a pa galimoto amafooketsa moto wa magneto, dongosolo ili la maginito ndi makoyilo.

Kunena zoona, makoyilo atsopano, makondensa, mawaya ndi mapointi otchunidwa pa 0.020 inchi, pafupifupi theka la milimita, zimakwanira kuti injini izilira mosavuta. Mapointi atsopano muwapukute ndi pepala loyera, chifukwa kamafuta pang'ono pokha kamazimitsa moto. Gwedezaninso mbale yomwe pamakhala makoyilo. Ngati ikusewera, mpata wa mapointi umasinthasintha injini ikamayenda, ndipo kutchuna konse kumapita pachabe.

Module ndimaivomereza ngati mapointi oyenera sakupezeka, kapena cam (chitsulo cha pa shafiti chotsekula mapointi) yadyeka, kapena injini imakhala pachinyezi moti mapointi amachita dzimbiri pafupipafupi. Silinda iliyonse imafuna module yake, ndiye mugula awiri, monga a Nova II. Chotsani mapointi ndi kondensa, waya wa koyilo womwe umapita ku mapointi mulumikize ku module, waya wina wa module ku chitsulo cha injini. Moto ukapanda kubwera, onaninso malangizo a wopanga, kawirikawiri mawaya amakhala atasemphana. Module muimange pachitsulo choyera kuti izitaya kutentha, ndipo mawaya asayandikire flywheel. Dziwaninso kuti nthawi yotulutsa moto simayenderanso cam, module imadikira mphamvu yochokera ku maginito. Choncho taimingi imatha kusuntha pang'ono, injini n'kumagwedera ikamayenda pang'onopang'ono, ndipo chingwe cholizira injini chimafuna kukoka mwamphamvu. Mapointi akale musataye.

Pobwezera flywheel, yang'anani kakiyi ka pa shafiti, kachitsulo kogwira flywheel pamalo pake. Kakadyeka kapena kuthyoka, moto umabwera nthawi yolakwika ngakhale zonse zili zatsopano. Pomwe flywheel imakhalapo pakhale pouma, popanda girisi, ndipo nati muimange ndi torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa nati) pa muyezo wa m'buku la injini yanu, popeza nati yosalimba ndiyo imadulitsa kiyi. Mapulagi muwatchune pa 0.030 inchi.

Chonde musalumikize batire ku mawaya a magneto. Magneto imapanga yokha magetsi, ndipo waya wozimitsira injini ntchito yake n'kupha motowo basi. Mukalowetsamo 12V, makoyilo atsopanowo ndi module yomwe zipsa.